Humber yakale yotola pa zitsulo zakutha: yang'anani felemu kaye, kupenta kubwere komaliza

Achimwene ena a ku Chinakanaka andilembera kuti anapeza njinga yakale pa mulu wa zitsulo zakutha ku Luchenza, anyamata ogula zitsulo aja atatsala pang'ono kuyikweza mulole, nde iwo anayiwombola pa mtengo wa pa sikelo. Kutsogolo kuli kachizindikiro kolembedwa Humber, matayala onse awiri anatha kalekale, tcheni chinauma gwa, chishalo sichikukwera kapena kutsika, ndipo wilo yakumbuyo ili ndi habu yonenepa yokhala ndi katcheni kakang'ono kotulukira mu ekiselo. Akufunsa ngati ndi yoti nkukonzeka, ayambire pati, komanso ngati ikadzatha angamayendere kabaza. Anzawo akuti angotaya, agule yatsopano.

Achimwene, mwachita bwino kuyiwombola, ndipo musayitaye. Koma musagulenso kanthu pakadali pano, olo chitini cha penti, olo tayala limodzi. Ndimaona anthu ambiri akuyambira ku penti ndi masitika poti nde zooneka ndi maso, ndalama nkuthera pamenepo, kenako nkudzapeza kuti felemu ndi yophotchoka kapena yadyeka mkati. Felemu ikakhala yabwino zina zonsezo zimapezeka pang'onopang'ono. Ikakhala yakufa, mwagula masipeya basi, ndipo olo zitatero simunaluze poti habu mukunenayo payokha ndi chinthu chosowa.

Chimodzi tisanagwire sipanala. Bwererani kwa amene anakugulitsaniyo akulembereni kakalata kosonyeza kuti mwagula kwa iye, tsiku lake, mboni isayine, ndipo mulembepo nambala ya felemu. Nambalayo imakhala yodinda pa chitsulo, kawirikawiri pamwamba pomwe pamalowa paipi ya chishalo kapena kunsi pakati pomwe pamazungulira mapedulo, palani pang'ono muyiona. Njinga zimabedwa kwambiri kuno kwathu, zina zimaoloka pa Muloza kupita ku Milange zina zimachokera konko, nde simukufuna kuti mutavutika miyezi kuyikonza wina adzakuimitseni pa msika wa Limbuli nkumati ndi ya malemu bambo ake.

Tsopano felemu. Itsukeni ndi madzi ndi sopo, iume, muyitulutse padzuwa. Yambani kutsogolo pomwe mapaipi awiri aja amakumana ndi khosi la foloko, yendetsani chala kunsi kwake. Mukamva kakhwinya kapena katumphu, kapena penti wasweka mozungulira paipi ngati mphete, njingayo inagundapo chinthu chamutu ndipo chitsulo chinapindika. Yang'ananinso foloko muli chammbali, gawo lakumtunda likuyenera kutsata mzere wa khosi, likabwerera mmbuyo nde umboni womwewo. Foloko yokha imawongoleka kapena kusinthidwa, koma paipi ya felemu yokhwinyata ine sindingakulimbikitseni kuti mudzanyamulepo munthu. Kenako tengani ulusi, mumange pomwe pamakhala ekiselo yakumbuyo mbali imodzi, muuzungulitse pa khosi kutsogolo, mubwerere nawo mbali inayo, mukoke ukungike. Yezani mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo kumanja ndi kumanzere. Ukafanana felemu ili bwino. Ukasiyana pang'ono amisiri amawongola poti chitsulo chakale chimalola, ukasiyana kwambiri njingayo idzakhala yokokera mbali imodzi ndipo idzadya matayala.

Za dzimbiri nde ndikhalitsepo, chifukwa kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi lomwe limapha njinga kuposa katundu. Mvula ndi yambiri, kenako miyezi yozizira kumabwera chiperoni, njinga yotsamira pakhonde imangokhala yonyowa masiku ndi masiku, madzi amalowera pa paipi ya chishalo nkukakhazikika pansi pakati paja ndi mmapaipi awiri ang'onoang'ono opita ku wilo yakumbuyo. Dzimbiri lofiira lapamwamba lisakuopseni, limachoka. Loopsa ndi la mkati, limachita ngati anankafumbwe mchimanga, kunja chikuoneka bwinobwino koma mkati muli ufa. Itembenuzeni njingayo, mugogode ndi sipanala malo amenewo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimamveka phwa phwa. Tengani msomali mubaye mwamphamvu paliponse pomwe penti watukusira, makamaka pomwe panamangidwa sitandi poti pamenepo anthu amamanga mpaka kuphwanya paipi. Msomali ukalowa, paipi imeneyo yatha. Muigwedezenso felemuyo pafupi ndi khutu, tizinyenyeswa pang'ono tosokosera mkati tilibe kanthu, koma mukakhuthula nkutuluka dzanja lonse la makoko a dzimbiri muganize kawiri.

Pakapezeka mng'alu musathamangire kwa owotcherera mageti ndi mawindo. Mafelemu akalewa mapaipi ake analowetsedwa mzolumikizira zachitsulo nkumatidwa ndi bulasi wosungunula, nde moto wamagetsi uja umaboola paipi yopyapyala, olo igwire lero idzaduka chapambali pa chilonda. Funani wowotcherera ndi gasi wodziwa kugwiritsa bulasi, alipo, ambiri ndi omwe amakonza maladiyeta ndi maekizozi.

Kodi ndi Humber yeniyeni? Dzina lokha silokwanira poti masitika amagulitsidwa pamsika ndipo zizindikiro anthu amasamutsa. Kampani ya Humber inali ya ku England, ndipo mbali yake yopanga njinga zopalasa inagulidwa ndi Raleigh ya ku Nottingham mu 1932, choncho ma Humber ambiri omwe anafika kuno ndi agogo athu ochokera ku Joni ndi ku Halale, kapena omwe ankayendera akapitawo ndi akalaliki a mmaesiteti a tiyi, mkati mwake ndi Raleigh. Raleigh yomweyo inatenganso Rudge mu 1943, ndipo mu 1960 inalumikizana ndi kampani yomwe inali ndi Phillips ndi Hercules. Njinga za mayina amenewa zinkapangidwanso mmaiko ena monga India ndi South Africa. Zizindikiro ziwiri zomwe Humber yakale imadziwika nazo, pa giya yayikulu yakutsogolo pamakhala tianthu togwirana mozungulira tosemedwa mchitsulo momwemo, ndipo zina foloko yake mwendo uliwonse ndi timapaipi tiwiri toonda mmalo mwa imodzi. Mukaona chimodzi mwa izi muli ndi chinthu chenicheni. Giya imeneyo musasinthe olo wina akuuzeni kuti yatsopano ndi yowala.

Habu yonenepa ija pukutani ndi kansalu ka palafini. Mosakayika mupeza polembedwa Sturmey-Archer, dzina la kampani yopanga mahabu amenewa, mwinanso zilembo AW, ndiyo ya magiya atatu yomwe inayamba kupangidwa mu 1936. Chapafupi pali manambala awiri odinda, ina ndi chaka ina ndi mwezi, mwachitsanzo 62 ndi 7 ndiye kuti July 1962. Ngati wilo sinasinthidwepo, zaka za njinga yanu ndi zimenezo. Habu imeneyi musayimasule. Mkati muli timagiya ndi timasipuling'i toonda ngati tsitsi, kamodzi kakagwera mudothi simudzakapezanso mugolosale iliyonse ya masipeya kuno. Nthawi zambiri imakhala yangouma. Pamimba pake pali kachivindikiro, tsegulani muthire palafini pang'ono, muzungulitse wilo, zakuda zituluke, kenako muthire oyilo wopepuka, wa makina osokera kapena wa injini wosalimba, osati girizi. Mukayamba kumva tiki tiki tiki pozungulitsa nde yadzuka. Katcheni kakang'ono kaja musamale kwambiri, nkomwe kamasintha magiya, ndipo musakamange mpaka kulimba, kamalowa mpaka pothera kenako mubweze pang'ono kuti kaloze komwe kukuchokera waya.

Pomasula njinga yonse, lamulo langa ndi limodzi, musataye kanthu. Nati iliyonse, washa aliyense, koni ndi kapu (zitsulo ziwiri zomwe mabelingi amayenda pakati pake), ikani mzitini zosiyana, zakutsogolo pazokha zakumbuyo pazokha, ndipo jambulani ndi foni musanachotse chilichonse makamaka timikono ta mabuleki. Chifukwa chake nachi. Raleigh inali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi imodzi, pomwe njinga zina zambiri kuphatikizapo za ku India ndi ku China zomwe masipeya ake adzaza pamsika, ma Hero, ma Avon, ma Phoenix, makapu ake apakati, pomwe pamazungulira mapedulo, amakhala 24 pa inchi. Ndi maso simungasiyanitse. Kapu yatsopano imalowa kawiri katatu bwinobwino kenako imalimba, mmisiri wopupuluma amatenga sipanala yayikulu nkukakamiza, mazinga a felemu nkutheratu pomwepo, ndipo pakutha pa mwezi pakati paja payamba kugwedera osamangikanso. Ndaonapo mafelemu abwino ambiri ataphedwa chonchi ndipo zimandiwawa. Makapu akale aja chitsulo chake ncholimba kwambiri, atsukeni ndi palafini muyang'ane njira yomwe mabelingi amayendamo, ikakhala yosalala yopanda timaenje bwezeranimo omwewo. Chosintha ndi mabelingi okha ndi girizi. Pakati pamalowa a kota inchi, 11 mbali iliyonse. Habu yakutsogolo imadya ang'onoko, nde tengani limodzi lakale mupite nalo kogula mukafananize. Musasakanize akale ndi atsopano. Manati akenso ndi a muyezo wakale wachingelezi, sipanala za mamilimita sizikhala bwino, zimatsetsereka nkudya makona, bola shifitingi yabwino yomanga zolimba.

Kumbukiraninso kuti pedulo yakumanzere ndi kapu yapakati yakumanja, mbali ya tcheni, zimamasuka chobwerera, mazinga ake ndi amanzere. Kapu yakumanjayo ngati ili bwino ingoisiyani momwemo, mutsukire mkati.

Makotapini, timisomali tomangira makalanki (mikono ya mapedulo) ku ekiselo yapakati, nde pomwe pamafunika mtima. Thirani oyilo kapena buleki fuluwidi usiku, mmawa mumasule nati mpaka ifanane ndi mutu wa kotapini, osayichotsa. Pezani kapaipi kachitsulo kotalika kuchokera pansi mpaka kunsi kwa kalanki, kakhale pa mwala kapena pa simenti, kotapini ikamatuluka izilowa mkamwa mwa kapaipiko. Kenako menyani kamodzi mwamphamvu ndi hamala yolemera. Kugogoda pang'onopang'ono kumangofutukula mutu nkuupinda, ndipo mukamenya popanda chochirikiza kunsi mphamvu yonse imapita pa mabelingi nkuboola makapu omwe tikufuna kusunga aja. Kotapini zatsopano gulani za 9.5 mm, nthawi zambiri zimafuna kupala ndi fayilo mbali yafulati kuti zikhale bwino, mupale zonse ziwiri mofanana. Polowetsa, ina iloze kwina inayo kwina, apo ayi mapedulo sadzakhala pa mzere umodzi ndipo bondo lidzakuuzani. Imalimba ndi hamala, nati ntchito yake nkungoyigwira kuti isabwerere, mukafuna kukokera ndi nati mazinga amaduka.

Chishalo chokanirira chija, masulani bawuti yake, thirani oyilo wosakaniza ndi palafini mozungulira paipi tsiku lililonse kwa sabata, njinga muisiye padzuwa, kenako mugwire chishalo chenichenicho nkumapotokola uku ndi uku. Osamenya cholowetsa pansi. Paipiyo ikatuluka pakani girizi musanabwezere, ndipo poti pakamwa patseguka thiranimo oyilo mkati mwa felemu, muitembenuze mbali zonse ayenderere, dzimbiri la mkati limachepa mphamvu. Chishalocho ngati ndi chachikopa cha Brooks chokhala ndi masipuling'i, musathire oyilo wa injini, amaoletsa chikopa. Pukutani nkhungu, chiume pamthunzi, mupake phula la njuchi pang'ono kunsi ndi pamwamba. Nati yakumphuno ija musayikoke kwambiri, chikopa chouma chimang'ambika pa maliveti.

Zonyezimira monga mahandulo, makalanki ndi timikono ta mabuleki, musayandikize sandipepala. Sitiliwulo yosalala yotsukira mapoto yonyowetsa ndi oyilo imachotsa madontho a dzimbiri kunyezimira nkubwerera, mudzadabwa. Manati ndi tizitsulo ting'onoting'ono viikani mu viniga kapena madzi a mandimu usiku umodzi, mmawa mutsuke ndi madzi, muumitse, mupake oyilo pompo chifukwa mukachedwa dzimbiri limabwerera tsiku lomwelo. Tcheni chouma chija musavutike nacho, gulani chatsopano cha njinga wamba, nchotchipa ndipo chimakwana.

Ndalama zanu zambiri zidzapita ku mawilo, konzekerani. Werengani pa tayala lakale ngati zilembo zikuonekabe. Njinga zazikulu zija zimavala 28 x 1 1/2, ndipo matayala abwino amalembanso 635. Samalani poti njinga za kaunjika zochokera ku Ulaya nazonso ena amati 28 koma zake ndi 622, tayala lake silingalowe pa limu yanu olo mulimbane nalo tsiku lonse. Ikakhala yocheperako ya 26 x 1 3/8, nambala yake ndi 590, yosiyananso ndi 26 ya mauntenibaiki yomwe ndi 559. Chotsani tayala muyang'ane limu mkati momwe mumagona chubu, madzi amakhalitsa mmenemo, ngati pali mabowo a dzimbiri kapena mmphepete mwapyapyala limu imeneyo isiyeni. Musanagule ina werengani mabowo a habu. Njinga zachingelezi zakale zinkakhala ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, nde mukagula limu ya mabowo 36 simudzalukira. Limu ikhalenso ya mtundu wa mabuleki azitsulo, ija yokhala ndi msana pakati ndi malo afulati mbali zonse ziwiri.

Mabuleki azitsulowa anthu amawanyoza kuti sagwira, koma vuto kawirikawiri ndi wilo. Malaba ake amakoka chokweza nkugwira kunsi kwa limu, osati mmbali ngati a waya, choncho wilo ikuyenera kukhala yozungulira ndendende, yosadumpha. Woluka masipoko ambiri amangoyang'ana kuti isamapite uku ndi uku, za kudumpha saziona, nde buleki imagwira nkusiya, kugwira nkusiya. Muuzeni ayang'ane zonse ziwiri. Malaba gulani atsopano, ndipo kachitsulo kogwira laba kali ndi mbali yotseka ndi yotsegula, yotsekayo iloze komwe limu imalowera njinga ikamapita kutsogolo kuti wilo isalikankhe nkulitulutsa. Apa sindikunyengererani achimwene, limu yachitsulo ikanyowa buleki imachedwa kwambiri kugwira, maulendo oyamba a wilo imangopukuta madzi. Pa chitsikiro cha ku Thyolo kulowera ku Luchenza, kapena njira ya ku Makwasa ndi Thekerani kuli chiperoni, yambani kugwira buleki patali, ndipo mukakhala ndi katundu tsikani muyikankhe. Kuponda tayala ndi patapata sindiwerengera ngati buleki.

Kupenta tsopano. Ine maganizo anga, ngati penti wakale wakuda uja alipo ngakhale theka, musamuchotse. Anali wowotcha mu uvuni ku fakitale, wa mchitini sangafanane naye, ndipo timizere tagolide tija tikapita tapita. Tsukani, palani malo adzimbiri okha, mupakepo ledi okisaidi, penti wofiira woteteza ku dzimbiri, kenako wakuda ndi kabulashi kakang'ono, thupi lonse mupukute ndi polishi. Koma ngati watheratu, palani mpaka chitsulo chiyere, ledi okisaidi kaye tsiku lomwelo, kenako penti wopyapyala kawiri kapena katatu, aliyense aume bwino musanaonjezere. Chitani zimenezi kukatentha, September kapena October, nthawi ya chinyontho penti sauma bwino ndipo amatsekera madzi mkati. Chizindikiro cha Humber ndi mazinga onse mumate ndi tepi, pa nambala ya felemu musaunjikepo. Madigadi akakhalapo akonzeni olo ali opindika, matope ofiira a mminda ya tiyi opanda madigadi amalowa mmabelingi sabata imodzi.

Za kabaza, felemu ikapambana mayeso aja imatha kunyamula munthu popanda vuto, njinga zimenezi zanyamula matumba a chimanga ndi nthochi zaka zambirimbiri. Chomwe sindingavomereze nkuyendera kabaza kapena makala pa habu ya magiya ija. Ekiselo yake ndi yobowola mkati kuti mudutse katcheni, nde siyolimba ngati yachitsulo chathunthu, ndipo ikathyoka ina simuyipeza msanga. Komanso waya akapanda kuchunidwa bwino, pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu pali malo opanda kanthu, pedulo imangopita fwaa, tangoganizani mwaimirira pa chitunda muli ndi mayi ndi mwana kumbuyo. Nde ngati cholinga ndi bizinesi, lukitsani wilo ina yakumbuyo ya habu wamba ndi fuliwilo, masipoko onenepa, ndipo ya magiyayo muipake oyilo muisunge mnyumba kapena muzivala Lamlungu. Fuliwilo sankhani ya mano 20 kapena 22 mmalo mwa 18, liwiro limachepa pang'ono koma zitunda zathuzi mudzakwera osatsika, kungoti tcheni chidzafuna kuonjezera mfundo. Kaliyala yolimba ya kabaza ipangidwe payokha nkumangidwa ndi mabawuti pa ekiselo ndi pansi pa chishalo, musalole kuti aiwotcherere pa felemu.

Pomanga habu yakutsogolo onetsetsani chinthu chimodzi chomwe amisiri achinyamata ambiri sachidziwa. Ma habu akale a Raleigh alibe nati yotsekera koni, koni imodzi ndi yokhazikika inayo ndi yochunira, ndipo yochunirayo, yokhala ndi malo ogwira sipanala, ikhale kumanzere. Mukaitembenuza imadzimanga yokha mukuyenda mpaka wilo kuuma, makapu a habu nkuphwanyika.

Ikatha, sabata yoyamba yendani nokha opanda katundu, panjira yafulati ngati ya pa Chitakale kupita ku Chisitu, muzimvetsera. Madzulo aliwonse gwedezani mawilo ndi makalanki, gwirani buleki yakutsogolo muikankhe njinga uku ndi uku kuti mumve ngati khosi likugogoda. Makotapini atsopano amakhazikika mukayenda, nde muwamenyenso kamodzi ndi kapaipi kaja kunsi nkumanganso manati, ndipo mawilo mubwerere nawo kwa woluka akakungenso masipoko musanakweze munthu.